Kazimierz Dolny: kukwera phiri, kuwoloka mtsinje kapena kulowa m'zigwembe?

Kazimierz Dolny ndi katauni ka anthu pafupifupi 2,500 m'mphepete mwa mtsinje wa Wisła, kum'mawa kwa dziko la Poland, m'chigawo cha Lublin. Pakati pake penipeni, pamene pali nyumba zakale zotchuka, munthu amapazungulira wapansi m'maola awiri kapena atatu basi. Mutu umayamba kuima pambuyo pake, chifukwa zoti muone zamwazikana mbali zonse: linga lakale pamwamba pa tauni, linga lina kutsidya kwa mtsinje, zigwembe zakuya kum'mawa, manda a Ayuda kum'mwera, ndi matauni awiri oyandikana nawo amene ali ndi mbiri yawoyawo. Alendo ambiri amayesa kuthira zonsezi m'tsiku limodzi, mapeto ake nthawi yawo imathera pofuna malo oimika galimoto ndi kudikira pamzere. Chimene chimathandiza ndi kusankha njira imodzi kapena ziwiri, malingana ndi nyengo ya tsikulo, tsiku la sabata ndi mphamvu za mawondo anu.

Musanagule tikiti iliyonse, onetsetsani kuti mwalemba dzina lonse. Mumzinda wa Kraków muli dera lotchuka lotchedwa Kazimierz, ndipo makina ofufuzira pa intaneti amathamangira kumeneko mukasiya liwu lakuti Dolny. Liwuli limatanthauza "wakumunsi", kumunsi kwa mtsinje poyerekeza ndi Kazimierz wa ku Kraków.

Kafikidwe kake

Tauniyi ilibe siteshoni ya sitima. Kuchokera ku Warszawa, likulu la dzikolo, komwe ndi makilomita pafupifupi 150, mumakwera sitima ya ku Lublin n'kutsika pa siteshoni ya Puławy Miasto, kenako basi kapena minibasi yoyenda makilomita pafupifupi 14 otsalawo. Ku Puławy kuli masiteshoni angapo okhala ndi dzina la tauniyo, choncho yang'anani liwu lakuti Miasto. Kuchokera ku Lublin, makilomita pafupifupi 50, kuli maminibasi opita molunjika. Galimoto yanu ndi yabwino pofika, koma ikafika imasanduka katundu: misewu ya pakati ndi yopapatiza, malo oimika ndi olipira, ndipo Loweruka ndi Lamlungu la m'chilimwe amadzaza dzuwa lisanafike paliwombo. Ngati muli ku Britain pa pasipoti ya Malawi, Zambia kapena Zimbabwe, kumbukirani kuti chilolezo chokhala ku Britain sichilowetsa munthu ku Poland. Pamafunika viza ya Schengen, yolowera m'maiko ambiri a ku Ulaya kuphatikizapo Poland. Ndalama ya kumeneko ndi złoty, osati yuro.

Bwalo la msika ndi phiri la linga

Iyi ndi njira imene simungaidumphe, ndipo ngati muli ndi theka la tsiku lokha musaonjezerepo kanthu kena.

Kuti nyumba za pabwalo la msika, lomwe eni dziko amalitcha Rynek, zimveke bwino, pafunika kudziwa kumene kunachokera ndalama zomangira. M'zaka za m'ma 1500 ndi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1600, tauniyi inali doko la mbewu. Tirigu ndi mbewu zina za m'minda ya chigawochi zinkasungidwa m'nkhokwe zazikulu zamiyala m'mphepete mwa mtsinje, kenako n'kuikidwa m'mabwato amatabwa opita kumunsi mpaka ku Gdańsk, kunyanja ya Baltic, komwe amalonda a kumadzulo kwa Ulaya ankazigula. Nkhokwezi zinalipo pafupifupi 60 pa nthawi imene malonda anali pachimake, ndipo lero zatsala khumi ndi imodzi kapena kuposerapo pang'ono, zina zosandutsidwa mahotela. Amalonda olemerawo ndiwo anamanga nyumba zimene anthu amadzajambula lerozi.

Ziwiri zotchuka kwambiri ndi za abale awiri, Mikołaj ndi Krzysztof Przybyła, zomangidwa mu 1615. Aliyense anaika pakhoma la nyumba yake chithunzi chosema cha woyera wa dzina lake: Nikolasi Woyera pa ina, ndi Khristofa Woyera wonyamula mwana paphewa pa inayo. Imani pafupi, musangojambula muli patali. Khoma lonse ladzaza ndi nyama, maluwa ndi nkhope za anthu, ndipo kasemedwe kake n'kosiyana ndi ka amisiri a ku Italy amene ankatengerako: matupi ndi onenepa, miyendo yaifupi, ntchito ya manja a amisiri a komweko imene ili ndi moyo wakewake. Pamwamba pa nyumbazi pali kakhoma kokongoletsedwa kobisa denga. Kakhoma kotere kankathandizanso kuchedwetsa moto kuti usalumphire nyumba yoyandikana nayo. Nyumba yachitatu ya mtundu womwewu, ya banja la Celej, ili mumsewu wa Senatorska chakumtsinje, ndipo ndi yokhayo mwa zitatuzi imene ili nyumba yosungiramo zinthu zakale. M'katimo muli zithunzi za akatswiri ojambula amene anayamba kudzaza m'tauniyi kuyambira mu 1923, pamene mphunzitsi wa zojambula Tadeusz Pruszkowski anayamba kubwera ndi ophunzira ake ochokera ku Warszawa chilimwe chilichonse. Pakati pa bwalo pali chitsime chokhala ndi denga lamatabwa la mu 1913. Lachiwiri ndi Lachisanu m'mawa pamakhala msika weniweni wa alimi, wa zipatso, ndiwo zamasamba, uchi ndi tchizi, ndipo ndi masiku amene bwaloli limaoneka ngati la eni ake.

Kuchoka apo mumakwera pang'ono kufika kutchalitchi cha parishi, cha Yohane Mbatizi ndi Bartolomeo. Maonekedwe ake a lero anachokera pa kumangidwanso kwa mu 1610 mpaka 1613 motsogozedwa ndi mmisiri wochokera ku Italy, Jakub Balin. Yang'anani kudenga la m'kati, lomwe lili ndi mizere ya pulasitala yopanga mitima, mabwalo ndi nyenyezi, kakongoletsedwe kodziwika ka matchalitchi a m'chigawo cha Lublin. Chuma chachikulu cha m'menemo ndi limba la mapaipi la mu 1620, limodzi mwa malimba akale kwambiri ku Poland amene akuimbidwabe. M'chilimwe mumachitika zoimbaimba za limbali madzulo ena. Ndi tchalitchi chimene anthu amapempheramo tsiku ndi tsiku, kotero nthawi ya Misa kapena ya ukwati simuloledwa kuyendayenda ndi kamera, ndipo nthawi zina mumangoona m'kati kudzera pachitseko chachitsulo cha pakhomo.

Pamwamba pa tchalitchi pali mabwinja a linga limene linamangidwa m'zaka za m'ma 1300, mu ulamuliro wa mfumu Kazimierz Wamkulu. Asilikali a ku Sweden analiwononga pa nkhondo imene inayamba mu 1655, ndipo silinadzukenso. Kwatsala makoma akunja ndi zipinda zochepa. Mamita pafupifupi 200 kukwera mtunda pali nsanja yozungulira, yakale kuposa lingalo, yotalika pafupifupi mamita 20 ndipo makoma ake kumunsi ndi okhuthala pafupifupi mamita 4. Khomo lake lili mamita 6 kuchokera pansi, chifukwa pa nthawi ya nkhondo ankangochotsa makwerero adani n'kusowa polowera. Lero pali masitepe amatabwa kunja, ndipo m'kati ndi mothina moti okwera ndi otsika amachita kupatsana mpata.

Apa pali kusankha koyamba. Pali malo awiri okwera oonera tauni, nsanjayi ndi phiri la mitanda itatu, Góra Trzech Krzyży, pamene panaimikidwa mitanda mu 1708 pokumbukira anthu amene anafa ndi mliri. Ambiri amaganiza kuti akakwera amodzi aona zonse, koma malowa amaonetsa zinthu zosiyana. Pansanja mumaona mtsinje: mmene Wisła amakhotera pakati pa zitunda, zilumba zamchenga, ndi linga la Janowiec patali kutsidya. Paphiri la mitanda mumaona tauni yeniyeniyo pansi panu, bwalo la msika, madenga ndi matchalitchi. Ngati mphamvu zili za kamodzi kokha, sankhani phiri la mitanda. Kukwera kwake ndi kwa mphindi 10 kapena 15, pamalipidwa kandalama kochepa kosiyana ndi tikiti ya kulinga, ndipo palibe masitepe othina. Njira yake ndi yotsetsereka kwambiri ndipo imaterera mvula ikagwa. Amene amaopa malo okwera kapena ali ndi ana aang'ono angachite bwino kuisiya nsanja.

Vuto la njira yonseyi ndi la pansi popondapo. Misewu ndi yoyalidwa ndi miyala yosalingana, ndipo nsapato zosongoka kumbuyo kapena njinga ya olumala zimavutika kwambiri kungochoka pabwalo. Ngolo zoyendera batire zimene amazitcha meleks zimaima pafupi ndi bwalo ndipo zimathandiza okalamba kufika kunkhokwe, kumanda a Ayuda ndi pakamwa pa zigwembe. Gwirizanani mtengo ndi malo oima musanakwere, ndipo funsani ngati woyendetsa amalankhula Chingerezi, popeza ambiri amafotokoza m'Chipolishi chokha.

Mbiri ya Ayuda: sunagoge ndi manda a ku Czerniawy

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse isanayambe, pafupifupi theka la anthu a m'tauniyi anali Ayuda. Mu Malichi 1942 Majeremani anawasamutsa onse kupita ku Opole Lubelskie, ndipo kuchokera kumeneko ambiri anatengedwa kukaphedwa kumsasa wa Bełżec. Munthu akhoza kukhala pabwalo la msika tsiku lonse osazindikira zimenezi, n'chifukwa chake timati njira iyi isasiyidwe, ngakhale ili yaifupi.

Kuseri kwa nyumba za pabwalo lalikulu kuli kabwalo kena, Mały Rynek, komwe kunali pakati pa dera la Ayuda. Pali sunagoge wamiyala wa m'zaka za m'ma 1700, yemwe nkhondo itatha anasandutsidwa holo yoonetsera mafilimu kwa zaka zambiri ndipo tsopano muli chionetsero cha mbiri ya Ayuda a kuno. Pambali pake pali nyumba yamatabwa imene munali mabutchala ogulitsa nyama yophedwa motsata malamulo a Chiyuda. Kuchoka apo, yendani mphindi 20 kapena 25 kulowera kum'mwera mumsewu wa ku Opole Lubelskie mpaka ku Czerniawy, pamanda amene anatsegulidwa mu 1851. Pa nthawi ya nkhondo Majeremani anazula ziliza za Ayuda n'kuyala nazo njira ndi mabwalo, kuphatikizapo panyumba ya ansembe a chipani cha Fransisko Woyera imene anailanda n'kuisandutsa likulu la apolisi awo. M'zaka za m'ma 1980 zidutswa mazanamazana za zilizazo zinatoleredwa n'kumangidwa kukhala khoma lalitali, lokhala ndi mng'alu waukulu pakati kuchokera pamwamba mpaka pansi. Mumadutsa mumng'aluwo n'kutulukira m'nkhalango momwe ziliza zina zaimikidwa pakati pa mitengo. Palibe cholipira, palibe mzere. Amuna amafunda kumutu ngati ali ndi chipewa, ndipo mwambo wa Chiyuda ndi kusiya kamwala pachiliza m'malo mwa maluwa. Samalani ndi galimoto poyenda, chifukwa msewuwo uli ndi makona ndipo m'malo ena njira ya oyenda pansi ndi yopapatiza.

Zigwembe

Dothi la zitunda zozungulira tauniyi ndi lachikasu, losalala ngati ufa, limene mphepo inaunjika kalekale pa nthawi imene mbali yaikulu ya Ulaya inali yokutidwa ndi madzi oundana. Likauma limaima chilili ngati khoma, koma madzi akalipeza limasungunuka msanga. Aliyense amene anaona kanjira ka ng'ombe kakusanduka chigwembe patatha mvula za zaka zingapo amvetsa zimene zinachitika kuno, kungoti kuno zatenga zaka mazana. Nkhalango zitadulidwa kuti palimidwe mbewu zodzaza nkhokwe zija, madzi anayamba kukumba, ndipo lero m'malo ena muli zigwembe zokwana makilomita 10 kapena 11 pa sikweya kilomita imodzi. Derali linakhala malo otetezedwa mu 1979.

Chotchuka kwambiri ndi Korzeniowy Dół, kutanthauza dzenje la mizu. Chili makilomita awiri ndi theka kapena kucheperapo kum'mawa kwa bwalo la msika, kudzera mumsewu wa Nadrzeczna ndi wa Doły, ndipo kutalika kwake ndi pafupifupi theka la kilomita. Kwenikweni ndi msewu wakale wopita kuminda umene mateyala a ngolo ndi madzi amvula anaukumba mpaka makoma ake anapitirira msinkhu wa munthu kawiri. Mizu ya mitengo imalendewera poyera mbali zonse ziwiri, yopotana ngati zingwe. Ndi ulendo wosavuta, ana amaukonda, ndipo kupita ndi kubwera wapansi kuchokera pabwalo kumatenga maola awiri. Zoipa zake ndi ziwiri. Msewu wokafika kumeneko ndi watala wopanda chokopa kwenikweni, kotero apa meleks kapena njinga zimapulumutsa nthawi. Chinanso, masana a Loweruka chigwembecho chimadzaza moti mumayenda mondondozana. Pitani isanakwane 9 koloko m'mawa. Musakwere pamizu kapena kulemba maina pamakoma, chifukwa dothi likagumuka mtengo umagwa, ndipo mitengo ingapo yatha kale mwa njira imeneyi.

Amene akufuna bata asankhe zigwembe zosatchuka monga Plebanka, Norowy Dół kapena Kwaskowa Góra. N'zazitali, zamthunzi, ndipo mukhoza kuyenda theka la ola osakumana ndi munthu. Tsitsani mapu pafoni musanalowe, popeza zimagawikana ndipo netiweki imafooka pansi.

Lamulo la zigwembe zonse ndi limodzi: mvula ikagwa usiku, musalowemo m'mawa mwake. Dothili likanyowa limaterera ngati sopo ndipo limamatirira kunsapato mpaka kulemera. Mitambo yamabingu ikayamba kusonkhana muli m'kati, tulukani, chifukwa chigwembe ndi ngalande ndipo madzi amatsika mwamphamvu. Kuyambira Epulo mpaka Okutobala muli nkhupakupa zimene zimafalitsa matenda a Lyme. Valani buluku lalitali, ndipo madzulo dziyang'aneni kuseri kwa mawondo, m'chiuno ndi m'khwapa.

Kuwoloka mtsinje kupita ku Janowiec

Mwa maulendo onse otuluka m'tauni, uwu ndi umene timauika patsogolo. Linga la ku Janowiec linamangidwa kuyambira mu 1508 mpaka 1526 ndi Mikołaj Firlej, wa banja lina lamphamvu kwambiri m'dzikolo nthawi imeneyo, ndipo pambuyo pake linakulitsidwa kukhala nyumba yaulemerero mothandizidwa ndi mmisiri wa ku Florence, Santi Gucci. Nalonso linatenthedwa ndi asilikali a ku Sweden mu 1656, linakonzedwanso, kenako linasiyidwa kugumuka m'zaka za m'ma 1800. Lili ndi mbiri yachilendo: Leon Kozłowski analigula mu 1931 ndipo linakhalabe lake ngakhale mu ulamuliro wa chikomyunizimu, mpaka mu 1975 pamene linagulidwa ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Kazimierz.

Mukaliyerekeza ndi linga la ku Kazimierz, la ku Janowiec ndi lalikulu kwambiri ndipo latsala ndi zambiri zoti muone: mlatho wodutsa pamwamba pa dzenje lalikulu lotetezera, chipata, bwalo la m'kati, makoma akunja opakidwa mizere yofiira ndi yoyera, ndi makonde okwera oonera chigwa cha mtsinje. Pabwalo la kunja anasamutsirapo nyumba yamatabwa ya mwini munda wolemera ya m'zaka za m'ma 1700 yochokera kumudzi wa Moniaki, pamodzi ndi nkhokwe ndi nyumba zina zakumudzi. Kumunsi kwa phiri, m'tchalitchi cha m'mudzimo, muli chiliza cha banja la Firlej chosemedwa ndi Gucci yemweyo. Anthu ndi ochepa kuposa kutsidya. Patulani maola anayi kapena asanu ulendo wonse.

Pali njira ziwiri zokafikira. Yoyamba ndi boti lowolotsa anthu, njinga ndi galimoto, limene amalitcha prom. Limanyamukira kumapeto kwa msewu wa Krakowska, mtunda wa mphindi 25 kapena 30 wapansi kuchokera pabwalo, ndipo kuwoloka kwenikweniko ndi kwa mphindi zochepa. Mukatsika kutsidya mudakali ndi makilomita awiri kapena atatu a msewu wafulati wopanda mthunzi, kenako chitunda chokwera kulinga. Apa ndi pamene njinga yobwereka imaposa zonse. Botili limayenda m'miyezi yofunda yokha, ndipo limaima madzi akachuluka kwambiri kapena akaphwa mpaka mchenga kuonekera, zimene zimachitika kawirikawiri kumapeto kwa chilimwe. Funsani kuofesi ya alendo pabwalo la msika m'mawa wa tsikulo ngati likuyenda, ndipo funsani woyendetsa nthawi ya ulendo womaliza. Mukausemphana, kubwerera ndi kuzungulira pamlatho wa ku Puławy, makilomita pafupifupi 30, ndipo popanda galimoto zikutanthauza takisi. Tengani ndalama yapamanja ya botilo. Njira yachiwiri ndi yomweyo ya pamlatho, kwa amene ali ndi galimoto kapena abwera m'nyengo yachisanu.

Pali maboti ena a alendo oima pafupi ndi bwalo la msika amene amayenda ola limodzi n'kubwerera. Ambiri mwa maulendowo saima ku Janowiec, amangolionetsa lingalo patali. Funsani bwino musanalipire. Ndipo musasambe mu Wisła ngakhale madzi aoneke odekha, chifukwa mchenga wa pansi umasuntha ndipo pali maenje ndi mafunde a pansi amene amakoka munthu.

Mięćmierz

Ngati boti silikuyenda, pitirirani kum'mwera motsata mtsinje. Mumadutsa pamalo aakulu amene ankaswapo miyala yoyera yofewa imene inamanga tauni yonseyi, n'kukwera chitunda cha Albrechtówka, pamene linga la Janowiec limaoneka moyang'anizana nanu, kenako n'kutsikira m'kamudzi ka Mięćmierz, kakale ka asodzi ndi oyendetsa mabwato. Kuli nyumba zamatabwa, zina zofoleredwa ndi udzu, chitsime pakati pa mudzi, ndi chigayo chamatabwa choyendera mphepo pamwamba pa chitunda. Ndi makilomita pafupifupi anayi kupita kokha. Mulibe nyumba yosungiramo zinthu zakale kapena tikiti, ndipo nyumbazo n'za eni ake, osati zoonetsa. Dzuwa likamalowa pa Albrechtówka ndi pamalo pabwino kuposa paliponse m'derali, koma musayandikire m'mphepete mwa phompho la miyala ija, imagumuka.

Puławy kapena Nałęczów

Matauni awiriwa ndi a tsiku lachiwiri kapena lachitatu, ndipo amakopa anthu osiyana.

Puławy ndi tauni ya mafakitale, yodziwika ndi fakitale yaikulu ya feteleza, ndipo poyang'ana koyamba simungaganize kuti muli chilichonse. Koma paki ya banja la Czartoryski ndi malo ofunika m'mbiri ya dzikolo. Dziko la Poland litagawidwa ndi Russia, Prussia ndi Austria n'kufafanizidwa pamapu mu 1795, Izabela Czartoryska anayamba kusonkhanitsa zida, mbendera ndi zikumbutso za mafumu kuti mtunduwo usaiwale chiyambi chake. Mu 1801 anatsegula kanyumba kozungulira kotchedwa kachisi wa Sybilla, kotengera kachisi wakale wa ku Tivoli ku Italy, komwe kamawerengedwa ngati nyumba yoyamba yosungiramo zinthu zakale ku Poland. Pakhomo pake palembedwa mawu a Chipolishi otanthauza "zakale kupereka kwa zam'tsogolo". Pafupi pake pali Dom Gotycki, ya mu 1809, mmene munkapachikidwa chithunzi cha Leonardo da Vinci cha mayi wonyamula kanyama koyera. Musapite kukachifuna kumeneko. Kuukira boma la Russia kwa mu 1830 ndi 1831 kutalephera, malowa analandidwa, katunduyo anathawitsidwira ku Paris, ndipo lero chithunzicho chili ku Kraków. M'nyumba yaikulu ya banjalo, imene ili m'pakimo, tsopano muli bungwe la boma lofufuza za dothi ndi ulimi wa mbewu, ndipo mbali ina ndi yotsegukira alendo. Pakiyo ndi yafulati, yaulere kulowa, yoyenera okalamba, ndipo poti sitima yanu imanyamukira ku Puławy komweko, nzeru ndi kuiona tsiku lobwerera. Maola awiri akukwana.

Nałęczów, makilomita oposa 20 pang'ono kulowera ku Lublin, ndi tauni yopumulirako odwala mtima ndi othamanga magazi, yodziwika ndi madzi a m'akasupe amene amagulitsidwa m'mabotolo dziko lonse. Kuli paki yokhala ndi dziwe, nyumba yachifumu ya banja la Małachowski ya m'zaka za m'ma 1700, nyumba yomweramo madzi a m'kasupe, ndi nyumba zamatabwa zokongola za m'zaka za m'ma 1800. Ndi malo opumira, ndipo wofuna malinga ndi mbiri ya nkhondo atopa nawo msanga. Siteshoni ya sitima ya Nałęczów ili makilomita angapo kunja kwa tauniyo, choncho minibasi ya pakati pa Lublin ndi Kazimierz ndiyo yosavuta.

Kaphatikizidwe kake

Tsiku limodzi lopanda mvula: bwalo la msika, tchalitchi ndi phiri la mitanda m'mawa, sunagoge ndi Czerniawy masana. Korzeniowy Dół ndi Czerniawy zili mbali zosiyana za tauni, kotero wapansi musayese zonse ziwiri pamodzi ndi linga. Tsiku limodzi lamvula: siyani zigwembe ndi phiri, lowani m'nyumba ya Celej, m'nyumba yoonetsa ziwiya zasiliva ndi zagolide pafupi ndi bwalo, ndi m'nkhokwe ya mumsewu wa Puławska mmene muli zachilengedwe za mtsinjewu. Zonsezi pamodzi ndi linga la Janowiec zili pansi pa bungwe limodzi, Muzeum Nadwiślańskie, ndipo monga zilili nyumba zambiri zotere ku Poland, Lolemba nthawi zambiri zimakhala zotseka.

Chimene chimasintha ulendo wonse ndi kugona usiku umodzi pakati pa sabata. Mabasi a alendo amafika cha m'ma 10 kapena 11 m'mawa n'kuchoka madzulo, ndipo m'mwezi wa Meyi ndi wa Juni amabweretsanso ana asukulu ambiri. Wogona konko amakhala ndi bwalo la msika lopanda anthu m'mamawa, amalowa m'chigwembe asanafike ena, ndipo tsiku lachiwiri amalipereka lonse ku Janowiec popanda kuthamangira basi. Kufika Lachinayi masana n'kuchoka Lachisanu madzulo kumakupatsaninso msika wa alimi. Kumapeto kwa Juni kumachitika chikondwerero cha oimba nyimbo zamakolo a dziko lonse, ndipo kumapeto kwa Julayi kapena kuchiyambi kwa Ogasiti kuli cha mafilimu chotchedwa Dwa Brzegi. Zonse ziwiri ndi zabwino kuziona, koma malo ogona amatha kudakali miyezi ndipo mitengo imakwera.

Kutalika kwa tsiku nakonso kuwerengedwe. Mu Juni kumada cha m'ma 9 koloko usiku, pamene mu Disembala dzuwa limalowa isanakwane 4 koloko masana, boti siliyenda, ndipo njira za kuphiri zimakutidwa ndi madzi oundana. Sepitembala ndi kuchiyambi kwa Okutobala ndi nthawi imene timailimbikitsa: ana abwerera kusukulu, masamba a m'zigwembe asintha mtundu, ndipo boti nthawi zambiri limakhala likuyendabe.

Za kamba wa panjira, kuzigwembe, ku Czerniawy ndi panjira ya ku Janowiec kulibe masitolo odalirika, choncho gulani musanachoke pabwalo. Buledi woumbidwa ngati tambala ndiye chizindikiro cha tauniyi ndipo amagulitsidwa paliponse, koma amauma msanga, ndi wofunika kudya tsiku lomwelo. Wokhutitsa kwambiri ndi cebularz, buledi wafulati wozungulira wokhala ndi anyezi pamwamba, yemwe anayamba ndi ophika buledi Achiyuda a m'chigawo cha Lublin. Awiri otere ndi botolo la lita imodzi ndi theka la madzi zimamufikitsa munthu mmodzi ku Janowiec ndi kubwerera.